Mzere ndi ndime

Ku Mtakataka, kwa Inkosi Kachindamoto, liwu loti mzere limayambira kumunda. Mzere ndi dothi lomwe khasu launda kuti mbewu ikhalepo. Kusikimu ya Bwanje, komwe madzi a Namikokwe amathirira mahekitala pafupifupi 800, mzere ndi mbande za mpunga zowokedwa motsata chingwe. Kuchoka kumunda, liwuli lidalowa m'kaundula: munthu mmodzi, mzere umodzi, wokhala ndi dzina, mudzi ndi tsiku lobadwa. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, bungwe la NRB lidalemba anthu oposa 9 miliyoni, ndipo aliyense adapeza mzere wake m'nkhokwe ya kompyuta.

Tsono wina akafuna kudziwa kuti mwa anthu onsewa obadwira ku Dedza ndi angati, kompyuta ingafunike kuyendera mizere yonse. Apa mpomwe imachedwa, ndipo choichedwetsa si kuwerenga kwenikweniko ayi. Mzere uliwonse uli ndi kamtolo kake. Mu pulogalamu yotchedwa PostgreSQL, mzere umasenza mabayiti 23 ongofotokoza za mzerewo, dzina la munthu lisadalembedwe n'komwe. Zili ngati kuthira mpunga wodzaza dzanja m'thumba lakelake: ngolo imadzaza ndi masaka, mpunga uli pang'ono. Komanso pamzere uliwonse kompyuta imaima, kumasula kamtoloko, kuona, kumanga, n'kuitanitsa wina.

Mankhwala ake ali m'liwu lina lakumunda lomwe, ndime. Tsinde lake ndi -lima. Chilembo cha l chikakumana ndi n chimasanduka d, monga momwe kulakatula kudabalira ndakatulo. Choncho ndime ndi gawo lolimidwa, malo omwe munthu wadzipatsa kapena wapatsidwa kuti amalize asadaweruke. Waganyu sapita kwa mwini munda kukalandira malipiro akatha mzere uliwonse. Amapangana za ndime, n'kuweramira khasu mpaka kumapeto. Akadati azikambirana pamzere pamzere, dzuwa likadamulowera ali pakati pa munda. Alembi nawo adabwereka liwuli, n'chifukwa chake timati ndime ya nkhani, ndime ya m'Baibulo: mawu angapo otengedwa pamodzi.

Mu 2005, akatswiri a ku CWI mumzinda wa Amsterdam, Peter Boncz, Marcin Zukowski ndi Niels Nes, adaonetsa kuti pa funso lina loyesera, pulogalamu ya MySQL inkathera pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a nthawi yake pa masamu enieni. Yambiri mwa yotsalayo inkapita ku kumasula ndi kumanga. Iwo adakonza pulogalamu ya MonetDB/X100, yomwe imatenga ndime ya manambala pafupifupi 1,000 nthawi imodzi, kuwagwirira ntchito, kenako n'kutenga ena. Lero pulogalamu ina yotchedwa DuckDB imatenga 2,048. Chiwerengerocho chimasankhidwa mosamala, pakuti ndime ikachepa umangokhalira kuimaima, ikakulitsa sikwana pamalo apafupi pomwe kompyuta imaika zomwe ikugwiritsa ntchito.

Ndimalakalaka mwana wa ku Golomoti kapena ku Mua yemwe akuphunzira za makompyuta atamva nkhaniyi m'mawu akwawo. Akamuuza kuti asamaitanitse mzere umodziumodzi, akumbukire mayi ake kudimba m'mamawa, akuloza ndi khasu pomwe pali chiswe, n'kunena kuti ndime ya lero ikathera pamenepo.