Diso la Namwino ndi Chikasu cha Makanda

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yathu lero ndi ya namwino wina amene adadekha, naona chinthu chimene madokotala ophunzira kwambiri anali asanachione.

Tiyambe ndi matenda ake. Makanda ambiri, makamaka obadwa masiku asanakwane, amayamba kuoneka achikasu pakhungu ndi m'maso patangopita masiku ochepa. Chikasuchi chimadza ndi bilirubin, zotsalira zimene zimapangika pamene maselo ofiira a magazi atha ntchito. Munthu wamkulu chiwindi chake chimachotsa zotsalirazi mosavuta, koma chiwindi cha khanda n'chanthete. Zikachuluka kwambiri zimafika ku bongo, ndipo mwana akhoza kugontha, kupuwala kapena kufa kumene. Kale njira yaikulu yopulumutsira khanda lotere inali yomuchotsa magazi ake pang'onopang'ono ndi kumuika ena, ntchito yovuta ndi yoopsa.

Tsono tiyeni ku England, ku chipatala cha Rochford m'chigawo cha Essex. Kumeneko mkulu woyang'anira chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane anali Sisitala Jean Ward. Mayiyu ankakhulupirira kuti mpweya wabwino ndi dzuwa zimathandiza ana, kotero kukafunda ankawatulutsa pabwalo.

Tsiku lina m'chaka cha 1956, madokotala akuyendera odwala, Sisitala Ward adaonetsa Dr R. H. Dobbs khanda lina. Thupi lonse chikasu chinali chitazilala, koma malo amodzi a ngodya zitatu anali achikasu kwambiri. Dokotalayo adayamba waganiza kuti pamalopo padapakidwa mankhwala. Namwino uja adafotokoza kuti mpamene padaphimbidwa ndi nsonga ya nsalu, ndipo kuti chimene chidazilalitsa kwinako ndi dzuwa.

Patapita nthawi pang'ono, kabotolo ka magazi a khanda lina kadatsala pawindo, padzuwa. Poyeza, adapeza kuti bilirubin yachepa. Zinthu ziwirizi zitagwirizana, Dr R. J. Cremer ndi anzake adapanga nyali zowalitsira makanda, nalemba zotsatira zake m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 1958. Komabe ku America ambiri sadaikhulupirire njirayi kufikira 1968, pamene Dr Jerold Lucey adaitsimikiza ndi kafukufuku wake. Lero tikudziwa kuti kuwala kobiriwira ngati thambo kumasintha bilirubin pakhungu pomwepo, kuti ituluke m'ndulu ndi mumkodzo. Nyali zotere zimayaka m'zipatala za dziko lonse, ngakhalenso ku Chatinkha, pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre.

Kodi nkhaniyi ikutiphunzitsanji? Kalekale mu 1859, Florence Nightingale, amene adasamala asilikali ovulala ku nkhondo ya ku Crimea, adalemba m'buku lake la Notes on Nursing kuti phunziro lofunika koposa kwa namwino ndilo kudziwa choyang'ana ndi mmene angachiyang'anire. Dokotala amafika, nayeza, napita. Namwino amatsala pambali pa bedi usana ndi usiku. Wodwala wamkulu angathe kunena pamene pakumupweteka, koma khanda silinena kanthu. Mawu ake ndiwo khungu, kapumidwe ndi kayamwidwe. Sisitala Ward sadangoona chabe. Adafunsa chifukwa chake, napeza yankho, nalimba mtima kulinena pamaso pa akuluakulu ake.

Potsiriza, chenjezo kwa inu amayi. Musagoneke khanda padzuwa poganiza kuti mukuchiza chikasu, pakuti dzuwa limatentha khungu lanthete ndi kuumitsa madzi m'thupi. Mukaona maso kapena khungu la mwana zikusanduka zachikasu, makamaka pa tsiku loyamba, kapena mwana akuleka kuyamwa, thamangani naye kwa anamwino. Tsalani bwino.