Kucokera pa Udresa Kufikira pa Udotolo wa Asilikari

Mnyamata wa ku Matero kapena wa ku Kanyama akamapita pafupi ndi kampu ya asilikari ya Arakan mu Lusaka, kawirikawiri sadziwa kumene dzinalo linacokera. Arakan ndi dera la ku Burma. Maina a makampu ena, monga Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe ndi Gondar ku Chipata, nawonso akumbutsa maiko akutali kumene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anakamenya nkhondo pakati pa 1939 ndi 1945. Mbiri ya ocilitsa asilikari a dziko lino iyambira komweko.

Gulu la asilikarili linakhazikitsidwa mu 1933. Mu August 1940 linakomana ndi Ataliyana pa Tug Argan m'dziko la Somaliland, ndipo mu 1944 linatsikira m'cigwa ca Kabaw ku Burma mkati mwa dzinja. M'cigwamo matenda anagwetsa anthu ambiri koposa zipolopolo: malungo, kamwazi, ndi zilonda zosapola cifukwa ca matope. Msilikari ali yense anafunikira kumwa mbulu wa mepacrine tsiku ndi tsiku. Amene anali kutsuka mabala, kumanga nsaru pa zilonda ndi kunyamula obvulala pa macira anali anthu akuda ochedwa madresa. Ena a iwo anadziwa nchitoyo kwambiri, kotero kuti dotolo Wacizungu anali kuwasiyira odwala usiku wonse. Koma pa ukulu sanapitirire ai. Udotolo ndi uofesala zinali za Azungu okha, ndipo dresa analibe kumene akanalembera kalata yopempha maphunziro apamwamba.

Si nzeru imene inasowa. Inasowa ndi sukulu. Munali, sukulu ya sekondale ya Boma ya anyamata akuda, inayamba mu 1939, caka ceniceni ca nkhondo. Mu Lusaka munali sukulu yophunzitsa othandiza madotolo, koma inalekezera pomwepo. Wofuna udotolo weniweni anayenera kuoloka malire, kunka ku Makerere m'dziko la Uganda, ku South Africa, kapena kutsidya la nyanja, monga anacitira Dr. Malekebu ndi Dr. Banda a ku Nyasaland, amene onse awiri anaphunzira ku Meharry m'dziko la America. Tsono madresa atabwerera kunkhondo, ena analowa nchito m'zipatala za Boma ndi za migodi, ena anangobwerera kumudzi ndi mendulo zao. Nthawi imeneyo Lusaka anali kukula msanga. Matero anamangidwa kuciyambi kwa zaka za 1950, ndipo amene anasowa nyumba kumeneko anadzimangira okha ku Kanyama, ku Kalingalinga ndi kwa George.

Pa ufulu, mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu ace ngati 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo madotolo oyamba ophunzira kwao konkuno anaturuka mu 1973. Mu 1970 Kingsley Chinkuli anakhala mwana wa dziko woyamba kulamulira gulu lonse la asilikari. Kuyambira pamenepo munthu wakuda anatha kubvala nyenyezi za uofesala ndi kukhalanso dotolo.

Komatu kukhala dotolo ndi kwina, kukhala katswiri ndi kwina. Dotolo wongoturuka kumene adziwa pang'ono za ciri conse. Katswiri wa opareshoni, wa mafupa, kapena wa mankhwala ogonetsa odwala aphunziranso zaka zina pansi pa akulu a nchitoyo. Kusowa kwa akatswiri kunaonekera poyera pa 19 October 1978, pamene ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo obvulala anadzaza cipatala cacikuru ca University Teaching Hospital. Munthu wophulikiridwa ndi bomba safuna mankhwala a cifuwa. Afuna wodziwa kusoka mitsempha ndi kulumikiza fupa. Masiku amenewo ukatswiri wotere unali kuphunziridwa kunja, makamaka ku Britain, ndipo Boma linali kutaya ndalama zambiri, nthawi zina osabwezapo kanthu, pakuti si onse opita amene anabwerera. Kuciyambi kwa zaka za 1980 Yunivesite ya Zambia inayamba kuphunzitsa yokha digiri ya ukatswiri yochedwa Master of Medicine, imene itenga zaka 4. Kuyambira mu 1999 kulinso bungwe la COSECSA, limene liphunzitsa ndi kuyesa akatswiri a opareshoni m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa.

Apa ndipo pali kusiyana pakati pa dotolo wamba ndi dotolo wa asilikari. Onse awiri ayenera kuyamba atsiriza udotolo, kugwira nchito yoyeserera m'cipatala, ndi kulembedwa m'buku la bungwe loyang'anira ocilitsa. Koma msilikari ali ndi makomo awiri ogogodapo. Sukulu iyang'ana mayeso ace ndi makalata a umboni. Akulu a asilikari ayang'ana ngati gulu lingathe kukhala popanda iye zaka zonsezo, ndiponso ngati ukatswiri umene aufuna ndiwo umene gulu liusowa. Sukulu ingamlandire koma akulu ace namuuza kuti ayambe wadikira, cifukwa anzace atumizidwa kukasunga mtendere kunja ndipo ayenera kupita ndi dotolo. Akaloledwa, apita ali msilikari ndithu, malipiro ace alandirabe, ndipo pambuyo pace abweza ngongoleyo mwa kutumikira gulu. Ena adandaula kuti goli limeneli n'lolemera. Koma kwa mwana wa m'komboni amene atate wace sangathe kumlipirira zaka zonsezi, goli lomwelo ndilo limamfikitsa kumene dresa wa ku Kabaw sanafike. Wina wa oyenda njira imeneyi ndiye Brigadier General Dr. Brian Chituwo, katswiri wa mafupa, amene mu 2002 anakhala nduna ya za umoyo m'boma la Levy Mwanawasa.

Cipatala cacikuru ca asilikari mu Lusaka ndi Maina Soko, ku Woodlands, kutali ndi zitsime za m'makomboni. Komabe nchito inawabwezera ocilitsa a asilikari kumeneko. Kolera itabuka mu October 2017, inagwira kwambiri Kanyama, kumene zimbudzi zikumbidwa pafupi ndi zitsime pa nthaka ya miyala yolowetsa madzi msanga. Kumapeto kwa caka cimeneco Pulezidenti Edgar Lungu analamula asilikari kuti athandize kuyeretsa mzinda, mu January 2018 anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera.