Bwalo la ndege la Julius Nyerere: mbiri yake ndi kayendetsedwe kake

Bwalo la ndege la Julius Nyerere International Airport ndi lalikulu kuposa mabwalo ena onse m'dziko la Tanzania. Bwaloli lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kum'mwera chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Dar es Salaam, m'mbali mwa msewu wa Nyerere womwe kale unkatchedwa Pugu Road. Pa matikiti ndi pa katundu limadziwika ndi zilembo zakuti DAR.

Mbiri

Bwaloli lili ndi nyumba zitatu zolandirira apaulendo, ndipo iliyonse inamangidwa m'nyengo yake. Yoyamba, Terminal I, ndi ya m'zaka za m'ma 1950 pamene dzikoli linali Tanganyika pansi pa ulamuliro wa Britain. Pa nthawiyo, komanso kwa zaka zingapo dzikoli litalandira ufulu m'chaka cha 1961, maulendo ambiri ankayendetsedwa ndi kampani ya East African Airways, yomwe inali ya Kenya, Uganda ndi Tanzania. Kampaniyi inatha m'chaka cha 1977 pamene mgwirizano wa mayiko atatuwa unasokonekera, ndipo m'chaka chomwecho boma linakhazikitsa Air Tanzania.

Nyumba yachiwiri, Terminal II, inatsegulidwa m'chaka cha 1984. Inamangidwa kuti izilandira anthu pafupifupi 1.5 miliyoni pa chaka, koma mzinda utakula ndiponso alendo okaona malo atachuluka, chiwerengerocho chinapyoledwa ndipo nyumbayi inayamba kuchepa.

Ntchito yomanga Terminal III inayamba m'chaka cha 2014 ndipo inagwiridwa ndi kampani ya ku Netherlands ya BAM International. Mtsogoleri wa dzikoli pa nthawiyo, John Magufuli, anaitsegulira mu August 2019. Nyumbayi ili ndi kuthekera kolandira anthu 6 miliyoni pa chaka.

Kwa zaka zambiri bwaloli linkatchedwa Dar es Salaam International Airport. M'chaka cha 2005 linapatsidwa dzina la mtsogoleri woyamba wa dzikoli, Mwalimu Julius Kambarage Nyerere, yemwe anamwalirira ku London pa 14 October 1999 ndipo thupi lake linafikira pa bwalo lomweli lisanakaikidwe kwawo ku Butiama.

Kayendetsedwe ka ntchito

Mwini bwaloli ndi boma, ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la Tanzania Airports Authority lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Kuwongolera ndege mlengalenga ndi udindo wa bungwe lina, la Tanzania Civil Aviation Authority. Msewu waukulu woterapo ndege ndi wotalika mamita 3,000, ndipo pali wina waufupi wa ndege zing'onozing'ono.

Ntchito zinagawidwa motere: Terminal III ndi ya maulendo opita kunja kwa dziko, Terminal II ndi ya maulendo a m'dziko momwemo monga opita ku Mwanza, Kilimanjaro, Mbeya ndi Dodoma, pamene Terminal I imatumikira ndege zazing'ono zomwe zimanyamula alendo kupita ku Zanzibar, ku chilumba cha Mafia ndi ku nkhalango zosungira nyama. Wapaulendo amene wafika kuchokera kunja ndipo akupitirira ndi ndege ina ayenera kufunsiratu nyumba yomwe ndege yakeyo inyamukire.

Makampani a Air Tanzania ndi Precision Air ali ndi malikulu awo mumzindawu. Bwaloli limalandiranso ndege za Kenya Airways, Ethiopian Airlines, Emirates, Qatar Airways, Turkish Airlines ndi KLM. Kwa amalonda a ku Malawi ndi Zambia amene amakapikula katundu ku msika wa Kariakoo kapena kukaombola magalimoto pa doko la Dar es Salaam, ndege imafupikitsa ulendo womwe pa basi, kudzera pa Songwe kapena Tunduma, umatenga tsiku lathunthu ndi kupitirira.

Bwalo ndi anthu a mumzinda

Kukula kwa bwaloli kunali ndi mtengo wake. Kuti malo a Terminal III apezeke, mabanja ambiri a ku Kipawa anasamutsidwa, ndipo nkhani ya chipukuta misozi inadzetsa madandaulo ndi milandu yomwe inatenga zaka. Mzinda unakula mpaka kuzungulira bwaloli, kotero kuti kuwonjezera kulikonse kumakhudza nyumba za anthu.

Vuto lina ndi la misewu. Munthu wochokera ku Manzese, dera lothithikana la m'mbali mwa msewu wa Morogoro, amatha kulowera ku Ubungo, n'kutsata msewu wa Mandela mpaka pa mphambano ya TAZARA, kenako n'kukhotera mu msewu wa Nyerere. Mtundawu si wautali, koma malole ochokera ku doko amayenda momwemo, ndipo nthawi zina ulendo wa pa minibasi yotchedwa daladala umatenga nthawi yaitali kuposa ulendo wa pa ndege wopita ku Zanzibar.

Pofuna kuchepetsa kuchulukana kwa magalimoto, boma linayambitsa mabasi oyenda m'njira yawoyawo m'chaka cha 2016, omwe amadutsa pa Manzese kuchokera ku Kimara kupita ku Kivukoni. Msewu wodutsa pamwamba wa Mfugale, pa TAZARA, unatsegulidwa m'chaka cha 2018, ndipo wa Kijazi, ku Ubungo, m'chaka cha 2021. Gawo lachitatu la mabasiwa linakonzedwa kuti litsate msewu wa Nyerere, kudutsa pa bwalo la ndege mpaka ku Gongo la Mboto.