Owerenga Twilight Atatenga Cholembera

Mwambo woti owerenga alembenso nkhani imene aikonda, womwe pa Chingerezi amati fan fiction, unayamba intaneti isanafale. Mu 1967 okonda Star Trek ku America anatulutsa kamagazini ka Spockanalia, kokhala ndi zolemba zawozawo, ndipo FanFiction.net itatsegulidwa mu 1998 aliyense anapeza pofalitsira. Koma amene akufuna kuona kuti kulembanso nkhani ndi njira yoidzudzulira, ayang'ane zimene zinachitikira Twilight.

Stephenie Meyer anatulutsa mabuku anayi a Twilight kuyambira 2005 mpaka 2008, onena za Bella Swan, mtsikana wa ku Forks m'chigawo cha Washington, amene agwa m'chikondi ndi Edward Cullen, namapopa wa zaka zoposa 100. Atsikana ndi amayi miyandamiyanda anawakonda, komabe ambiri anali ndi mafunso. Edward amalowa m'chipinda cha Bella usiku kukamuyang'ana ali mtulo. M'buku la Eclipse amaononga galimoto ya Bella kuti asapite kwa mnzake Jacob Black. Kenako Jacob yemweyo mtima wake umangidwa kwamuyaya pa Renesmee, khanda la Bella longobadwa kumene. Mabukuwo amati zonsezi ndi chikondi.

Owerenga ena anayankha ndi nkhani. Yodziwika bwino ndi Luminosity, imene wolemba wodzitcha Alicorn anatulutsa mu 2010. Anthu ndi omwewo, malo ndi omwewo, koma Bella wasintha: amalemba maganizo ake m'kabuku, amadzifunsa chimene akufuna, ndipo moyo wosafa amaufuna pa zifukwa zake, osati pongotsata mwamuna. Kusintha munthu mmodziyo kumagwedeza nkhani yonse, ndipo wowerenga amadzionera yekha kuchuluka kwa zinthu m'buku loyamba zimene zinatheka chifukwa Bella sankafunsa. Wodzudzula wa m'nyuzipepala angathe kunena kuti mtsikanayu alibe mphamvu, koma sangationetse mmene zikanakhalira akanakhala nazo.

Ena amati uku n'kukolola m'munda wa eni. Anne Rice, wolemba wina wa nkhani za anamapopa, analetsa kwa zaka zambiri kuti anthu a m'mabuku ake agwiritsidwe ntchito motere. Otsutsawa amalozanso Fifty Shades of Grey, lomwe linayamba ngati nkhani ya Bella ndi Edward yotchedwa Master of the Universe, kenako E. L. James anasintha mayina n'kuligulitsa mu 2011. Dandaulo limeneli lili ndi maziko pamene ndalama zalowapo. Komatu zolemba zambiri zotere zimaperekedwa ulere, ndipo kuyankha buku ndi buku n'kwakale: mu 1966 Jean Rhys anapatsa mawu mkazi wotsekeredwa wa mu Jane Eyre, ndipo lero buku lakelo, Wide Sargasso Sea, limaphunzitsidwa m'mayunivesite. Funso la umwini limabwereranso kwa Meyer. Iye anatenga dzina la Aquileute, mtundu weniweni wa ku La Push, n'kuwapeka kukhala anthu osanduka mimbulu, mpaka Burke Museum ya ku Seattle inagwirizana ndi mtunduwo kukonza zolakwikazo pa ntchito yotchedwa Truth versus Twilight. Amene anabwereka mbiri ya anthu amoyo sangakhale yekha woyenera kutetezedwa.

Enanso amafunsa kuti ngati bukulo lili ndi zilema, bwanji osangolisiya? Munthu sataya miyezi akulemba machaputala ambirimbiri za anthu amene sawakonda. Olembawa ankafuna kusunga chimene chinawakoka, n'kuchotsa chimene chinawapweteka. Ngakhale Meyer anachita zofananazo mu 2015, potulutsa Life and Death, mmene Bella asanduka mnyamata Beau ndipo Edward asanduka Edythe, pofuna kuyankha onena kuti Bella ndi mtsikana wongodikira kupulumutsidwa.