Umboni wa "akuti": mlandu wa Sir Walter Raleigh

Adzukulu anga, pabwalo la mfumu mboni ikayamba ndi mau oti "ndidamva akuti", akuluakulu amaidula: "Adakuuzaniwo ali kuti?" Angerezi funso limeneli adaliphunzira mowawa.

Pa 17 Novembala 1603, ku Winchester m'dziko la England, Sir Walter Raleigh adazengedwa mlandu wofuna kuchotsa Mfumu James pampando. Womneneza wamkulu, Lord Cobham, sadaonekere. Adangowerenga pepala la zimene iye adaulula ali m'ndende. Raleigh adachonderera kuti Cobham abwere adzanene zimenezo maso ndi maso, pakuti Cobham yemweyo adali atamlembera kalata yokana zonse. Oweruza adakana.

Amene adaimirira kupereka umboni ndi woyendetsa ngalawa wina, Dyer. Iye adati ali ku Lisbon, Mpwitikizi wina adamuuza kuti Raleigh ndi Cobham adzapha mfumu. Taonani: Mpwitikizi wopanda dzina, wosalumbira, amene palibe akadamfunsa kanthu!

Raleigh adagamulidwa kuti aphedwe. Mfumu idaimitsa chilangocho, nakhala iye m'ndende ya Tower of London kufikira 1616. Paja amati mlandu suwola. Ngakhale wokhota suwolanso, chifukwa mu 1618 adamdula mutu pa chigamulo chakale chomwecho.

Pambuyo pake lamulo lokana zakumva lidakhwima, ndipo makhoti athu adalilandira kwa Angerezi. Lamulo la ku England la 2003 limazilola nthawi zina, monga mboni ikamwalira kapena ikadwala. Koma Cobham adali wamoyo, ali pafupi pomwepo.