Kusankha mtundu wa bizinesi yaing'ono polembetsa ku boma

Munthu woyamba bizinesi yaing'ono m'maiko a kumwera kwa Africa amayenera kusankha mtundu umene ailembetsere ku boma. Chisankhochi n'chomwe chimanena amene adzabweze ngongole bizinesi ikagwa: mwini wake kapena bizinesiyo payokha.

Bizinesi ya munthu mmodzi

Iyi ndi njira yachidule komanso yotsika mtengo, ndipo eni magolosale, osoka zovala ndi akalipentala ambiri amaitsata. Ku Malawi kalemberayu amayendera lamulo la Business Registration Act la 2012, pamene ku Zambia dzina la bizinesi limalembetsedwa ku bungwe la PACRA potsata lamulo la 2011.

Komabe kulembetsa dzina sikusiyanitsa munthu ndi bizinesi yake. Pamaso pa malamulo awiriwa ndi chinthu chimodzi, kotero bwalo la milandu likhoza kulamula kuti katundu wa mwini bizinesi, monga galimoto kapena ziweto, agulitsidwe pofuna kubweza ngongole.

Bizinesi ya mgwirizano

Anthu awiri kapena kuposerapo amasonkha mpamba ndi kumagawana phindu. Vuto lake ndi lakuti ngongole imene mmodzi watenga m'dzina la bizinesi imagwira onse, ngakhale amene sadafunsidwe. N'chifukwa chake pamafunika pangano lolembedwa, lofotokoza gawo la aliyense ndi zoyenera kuchitika wina akatuluka kapena akamwalira.

Kampani

Kampani imaima payokha ngati munthu: imakhala ndi katundu wakewake, ikhoza kusuma kapena kusumiridwa, ndipo imapitirira mwini wake akamwalira. Ikagwa, eni masheya amataya ndalama zokhazo zimene adaikamo kapena adalonjeza kuikamo.

Chitetezochi chili ndi mtengo wake. Kampani imayenera kusunga mabuku a chuma, kupereka malipoti chaka ndi chaka ndi kulipira msonkho wakewake, ndipo ndalama zake si zoti mwini azingotapa. Chili ndi malirenso: mwini kampani akasainira ku banki kuti adzabweza yekha ngongole, kapena akapereka nyumba yake ngati chikole, katundu wakeyo sakhalanso wotetezedwa.

Kusiyana kwa malamulo

Lamulo la makampani la Malawi la 2013, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2016, limalola munthu mmodzi kukhazikitsa kampani, pamene la Zambia la 2017 lidati oyambitsa akhale awiri kapena kuposerapo. Ku South Africa, bungwe la CIPC silinalembetsenso mabizinesi atsopano a mtundu wa close corporation kuyambira pa 1 Meyi 2011, ngakhale akale adaloledwa kupitirira. Ku Zimbabwe mtundu wofanana nawo, wa private business corporation, udasungidwa m'lamulo latsopano lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020.

Zoyenera kulingalira

Wogulitsa malonda ochepa, amene satenga ngongole zikuluzikulu, akhoza kuyamba ndi dzina lokha ndi kudzatsegula kampani bizinesi ikakula. Koma amene akufuna kulemba antchito ambiri, kupikisana nawo pa makontrakiti akuluakulu kapena kuitana anthu ena kudzaikamo ndalama, kampani ndiyo imamuyenera. Mtundu uliwonse umene wasankhidwa, bizinesi imayenera kulembetsanso ku bungwe lotolera msonkho, monga MRA ku Malawi kapena ZRA ku Zambia, ndi kutenga chiphaso cha malonda kumene malamulo akutero.