Za Nkhata, Njanji ndi Ngolo m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Munthu amene wayenda pa msewu wochokera ku Limbe, nadutsa pa Bvumbwe m'mamawa nkhungu isanayere, ndi kuona minda ya tiyi itayalana pa zitunda monga mphasa yobiriwira, kawirikawiri sadzifunsa kuti zitsulo zimene zikulira m'mafakitale a Satemwa, Naming'omba ndi Makwasa zidakwera bwanji kumtunda kumeneku, pakuti tiyi ndi wopepuka, ndipo tsamba lake ngakhale khanda lilinyamula. Koma kuseri kwa tsamba lopepukalo kuli boyila, kuli makina opota ndi oumitsa masamba, kuli akatapila okumba madamu ndi kuzula zitsa, ndipo mwa zonsezi palibe chimene chidamera m'katondo wa ku Thyolo. Zonse zidachita kubwera, zonse zidachita kusenzedwa; ndipo pa m'badwo uliwonse padali munthu amene adakhala pansi nalingalira mumtima mwake kuti: katundu ndi uyu, njira ndi iyi, nanga adzamunyamula ndani?

Yankho loyamba, limenenso lidakhalitsa koposa, lidali khosi la munthu. M'zaka zimene dziko lino linkalowa m'manja mwa Angerezi, cha m'ma 1891, katundu wochokera ku Ulaya ankatsitsidwa pa doko la Chinde, kumene Zambezi athira m'nyanja yamchere, nakwezedwa m'sitima zazing'ono za nthunzi zimene zinkakwera ndi Shire kufikira pa Chiromo kapena kwa Katunga; pamenepo madzi ankamutula, popeza kumtunda kwake kuli mathithi. Ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi matenda a kashembe m'chigwamo, ndipo ngakhale msewu umene injiniya wina dzina lake Sclater adalambula kuchokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre sudachotse mtolo pamutu pa amtengatenga. Mtolo wa munthu mmodzi unkayesedwa pa sikelo, mapaundi 50 kapena 60, kotero kuti amisiri a ku Scotland ankasula makina awo m'zidutswazidutswa molingana ndi khosi la munthu amene sadamuonepo ndi kale lomwe. Momwemo ndi mmene sitima ya Ilala idalambalalira mathithi a Shire m'chaka cha 1875, itamasulidwa yonse, ndi kukhala pa nkhata za anthu mazanamazana.

Koma pali chitsulo chimene sichilola kudulidwa. Pamene sitima ya Chauncy Maples, imene idapangidwa ku Glasgow ndi kuyamba kuyandama pa nyanja yathu m'chaka cha 1901, inkabwera m'zidutswa zoposa 3,000, boyila yake ya matani 11 idakana kugawika; tsono adaikhazika pa ngolo yamphamvu ya magudumu achitsulo, amuna a Chingoni okwana 450 naikoka ndi zingwe, kuyenda mamailosi atatu okha dzuwa lonse. Ine ndiyesa kuti ngolo imeneyo ndiyo kholo la ngolo zonse zonyamula makina olemera m'dziko muno, ndipo injini yake idali zifuwa za anthu. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Apo adafunika mitu 450, ndipo maina awo sadalembedwe pa chitsulocho, chinkana dzina la amene adachisula lidalembedwa.

Tiyi adafika ku Thyolo mochedwerapo. Ku Mulanje Henry Brown adali atabzala kale m'chaka cha 1891, koma kuno eni minda adayamba ndi khofi, amene adawagwiritsa fuwa lamoto, kenaka thonje ndi fodya. Ndipo sikudangochitika mwangozi kuti tiyi woyamba wa pa Bandanga adabzalidwa m'chaka cha 1908, chaka chomwecho chimene njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald kumene lero titi Nsanje, idafika ku Blantyre. Njanjiyo idatsata mtsinje wa Ruo, nikwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa Chiromo kufika pa Limbe, ndipo siteshoni ya Luchenza idasanduka khomo la minda yonse ya chigawo chino. Makina oumitsira tiyi a Sirocco ochokera ku Belfast, ndi opotera a kampani ya Marshall ya ku Gainsborough, tsopano akadatha kufika athunthu. Komabe sitima imatula pa siteshoni, siikwera kukafika pakhomo pa fakitale. Ndipo kamtunda kotsalako, kochokera pa Luchenza kulowa m'zitunda, ndiko kadali mtanda weniweni. Kumeneko kudayenda ngolo za ng'ombe zomangidwa m'magoli ambirimbiri, ndipo pamene ng'ombe zalephera, kapitawo ankaliza mluzu, anthu nabwera.

Anthuwo sadali kubwera mwa kufuna kwawo nthawi zonse, ndipo nkhani ya mtengatenga ku Thyolo singanenedwe moona popanda kutchula thangata. Mawu amenewa, amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana kwa pachibale, adapotozedwa m'maesiteti kufikira atatanthauza ntchito yokakamiza imene munthu ankalipira nayo malo omangapo nyumba yake. Ambiri mwa iwo adali Alomwe amene adaoloka Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nafika opanda munda, opanda mfumu yowalankhulira. Nkhondo ya 1914 itabuka, boma lidatenganso amuna pafupifupi 200,000 m'dziko lonse kukasenza akatundu a asilikali, ndipo ochuluka adatsalira m'njira. Chifukwa chake, pamene tiwerenga kuti mtengo wa kunyamula katundu udali wotsika m'masiku amenewo, tiyenera kudziwa kuti udatsika chifukwa wina adaulipira ndi msana wake.

Malole adayamba kuchuluka nkhondo ija itatha, m'zaka zomwe Maclean Kay adatsegula Satemwa, m'chaka cha 1923, ndi pamene Mtaliyana Conforzi ankakuza minda imene mpaka lero itchedwa ndi dzina lake. Koma nyengo imene idasintha nkhope ya Thyolo ndi ya m'ma 1930, pamene pangano la maiko olima tiyi la 1933 lidakweza mitengo, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udatsegulidwa m'chaka cha 1935, kotero kuti bokosi lokwezedwa pa Beira linkatha kufika pa Luchenza losaoloka mtsinje pa bwato. Mafakitale adamangidwa motsatizana, ndipo fakitale iliyonse idafuna boyila yake. Apa mpamene eni minda adaphunzira, ena mwa kutaya chuma, kuti mphamvu ya injini siyo iweruza mlandu. Katondo wa kuno akauma ndi mwala, koma akanyowa ndi sopo. Chiperoni chikatsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique m'miyezi ya chisanu, msewu umene dzulo udali wouma umaterera popanda mvula yooneka ndi maso. Ndipo milatho ya mitengo pa timitsinje ta m'minda idamangidwa poyembekeza ngolo ya ng'ombe, osati lole yosenza chitsulo. Mlimi wa tiyi amapempha mvula usana ndi usiku, ndipo walira mvula walira matope. Tsono munthu wanzeru ankayamba watumiza kapitawo kuti ayende njira yonse wapansi, agogode mitanda ya mlatho uliwonse, ayese makona ndi chingwe, asanalamule kuti katundu achoke pa siteshoni. Ndipo nthawi zambiri boyila inkagona pa Luchenza kudikira chilimwe.

Nkhondo yachiwiri itatha kudabwera malole a Bedford ndi mathirakitala a Ferguson, ndipo thirakitala yokoka ngolo idapeza malo ake amene mpaka lero palibe chayilanda. Chifukwa chake nchapafupi: masamba akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale m'maola owerengeka asanatenthe m'matumba, ndipo pafunika makilogalamu anayi ndi theka a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma; onjezanipo nkhuni za bulugama zimene boyila imadya osakhuta, mudzaona kuti katundu woyenda m'kati mwa esiteti aposa kutalitali amene atuluka pa chipata. Pa ntchito yotere ngolo yaifupi, yokhota msanga, yokokedwa ndi thirakitala ya matayala a mano, idaposa lole iliyonse. M'zaka zomwezo mkwiyo wa thangata udaphulika, m'chipolowe cha mu August 1953 chimene chidayambira pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, ndipo m'chaka cha 1962 lamulo lidathetsa mchitidwewo. Kuyambira pamenepo yense wofuna kusuntha cholemera adayenera kuwerengera dizilo ndi malipiro.

Chimene chidabweretsa mathiraki aakulu a masiku ano ndi tsoka la anansi athu. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idadula njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala imene idali itatsegulidwa m'chaka cha 1970, kotero kuti cha m'ma 1984 tiyi wogulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe adayamba kuyenda pa msewu, kudzera pa Mwanza ndi Tete moperekezedwa ndi asilikali, kunka ku Harare ndi ku Durban. Ndipo makina atsopano adabwera ndi njira yomweyo. Mtendere udadza m'chaka cha 1992, koma madzi osefukira a 1997 adakokolola njanji pa Chiromo, ndipo Luchenza sadabwererenso pa ulemerero wake wakale.

Lero, pamene esiteti ifuna kukumba damu la mthirira, kapena kuzula tiyi wakale wa nthanga kuti ibzale mitundu yatsopano monga PC 108 yochokera ku malo a kafukufuku a Mimosa ku Mulanje, imaitanitsa katapila kapena makina okumba a matani 20 kapena kuposerapo; ndipo popeza mapazi ake achitsulo angaphwanye phula la msewu wa M2, amabwera atakwera ngolo yotsika imene madalaivala amaitcha lowbed, yokokedwa ndi mutu wa thiraki umene pa ntchito yawo amauti horse, ndiko kunena kavalo. Ngoloyo adaitsitsa dala, kuti katundu wamtali asapendeke pa makona ndiponso asakole nthambo za magetsi; koma kutsika komweko ndiko kumaipachika pamimba ikafika pa nsonga ya chitunda kapena pa chigwembe cha kamtsinje, matayala akutsogolo ndi akumbuyo nalendewera opanda pogwira. Ikakhala yaitali imagawa bwino kulemera pa mizere yambiri ya matayala, ndipo imakondweretsa a sikelo pa chipata cha Mwanza, kumene thiraki, ngolo ndi katundu pamodzi siziyenera kupyola matani 56 popanda chilolezo chapadera. Koma utali womwewo umaikaniza kukhota m'tinjira ta m'minda timene tidalambulidwa poyesa thirakitala. Palibe ngolo yokoma ponseponse. Wosankha ayenera kudziwa kulemera kwenikweni kwa makinawo, pamodzi ndi chikhasu chake ndi mafuta ali m'thanki, osati kumene mwini wake anena pofuna kuchepetsa mtengo. Ayenera kuona ngati pansi pa ngoloyo pali matabwa, pakuti chitsulo chonyowa pa chitsulo chinzake sichigwirana. Ayenera kumanga maunyolo ku ngodya zonse zinayi ndi kuwakunganso atayenda pang'ono.

Ndipo za kavaloyo, achinyamata amafunsa mphamvu yake yokwerera, koma madalaivala okhwima amafunsa za kutsika. Amene watsikapo ndi katundu pa msewu wochokera ku Thyolo kudzera ku Makwasa ndi Thekerani kulowera ku Muona, kumene phiri ligwera m'chigwa cha Shire, adziwa kuti mabuleki akatentha amafa ali m'manja, ndi kuti giya yotsikira imasankhidwa pamwamba, matsitso asanayambe, pakuti pakati pa njira siilolanso kulowa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndimalemekeza kwambiri amuna amenewa, pamodzi ndi anyamata awo oyenda pambali pa matayala atanyamula zipika zotsekera, chifukwa nzeru yawo ndi yomwe ija ya kapitawo wogogoda mitanda ya mlatho, ndipo siilembedwa m'buku lililonse la kampani yopanga mathiraki.

M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi kukokolola milatho ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, makina okumba adafunika ponseponse nthawi imodzi, ndipo ngolo zowanyamula zidafunikira misewu yomwe ija imene madzi adadula. Zikatere lowbed imafika pamene phula lathera, niima. Woyendetsa katapila amatsitsa makina ake pang'onopang'ono, nawayendetsa ndi mapazi awo m'matope kunka kumene kuli ntchito. Ndipo dizilo wake, pamodzi ndi ufa wa anthu otsekeredwa kutsidya, amaoloka m'zigubu ndi m'matumba, pamitu ya amuna ndi amayi a m'midzi yoyandikana, amene amayamba apota nkhata ya masamba a nthochi kapena ya chitenje asanasenze.